Ndalama Zotenthetsera Nyumba ku Britain: Amasonkha Ndani, Amalandira Ndani?

Mukamva m'bale wanu wa ku Manchester kapena ku Glasgow akudandaula za bilu ya gasi, musafulumire kumuganizira kuti akuzemba kutumiza ya feteleza. Kuno kufunda timagula mwezi ndi mwezi. Kuyambira Okutobala mpaka Epulo nyumba sikhalika popanda kuitenthetsa, ndipo nyumba pafupifupi 8 mwa 10 zilizonse zimadalira boila ya gasi, bokosi lopachikidwa pakhoma limene limatenthetsa madzi n'kuwatumiza m'mapaipi kupita ku maradiyeta a m'zipinda. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, gasi adakwera mtengo mpaka boma lidachita kulowererapo kuti bilu ya banja wamba ikhale cha m'ma £2,500 pachaka. Imeneyo inali bilu yotsitsidwa kale.

Maboila amenewa boma likufuna achoke. Mu 2019 Britain idakhazikitsa lamulo loti pofika 2050 ikhale italeka kuwonjezera mpweya wotenthetsa dziko, ndipo maboila mamiliyoni akuyaka m'nyumba ndi gawo lalikulu la mpweya umenewo. Chimene akufuna chilowe m'malo mwake ndi heat pump. Mu 2020 Boris Johnson, ali nduna yaikulu, adalonjeza kuti pofika 2028 makina amenewa azidzaikidwa m'nyumba 600,000 chaka chilichonse. Chiwerengerocho chikadali kutali ndithu.

Kuti mumvetse heat pump, gwirani kuseri kwa firiji yanu. Mumva kutentha. Firiji imachotsa kutentha m'kati mwake n'kukutaya kunja. Heat pump imagwira ntchito yomweyo mobwerera: imatenga kutentha mumpweya wa panja n'kukulowetsa m'nyumba. Ngakhale tsiku limene madzi auma gwa panja, mumpweya mumakhalabe kutentha pang'ono. M'makinamo muli madzi apadera amene amasanduka nthunzi ngakhale pozizira kwambiri. Kompresa imapanikiza nthunziyo, ikapanikizika imatentha, ndipo kutenthako kumapatsira madzi opita ku maradiyeta. Magetsi sagwiritsidwa ntchito popanga kutentha koma pokusamutsa basi. N'chifukwa chake yuniti imodzi ya magetsi imabweretsa mayunitsi atatu a kutentha, pomwe boila yabwino kwambiri siifikitsa n'komwe yuniti imodzi pa yuniti ya gasi.

Ndiye bwanji anthu sakuthamangira? Mtengo. Kuika heat pump nthawi zambiri kumapitirira £10,000, chifukwa pamafunika thanki ya madzi otentha, mwinanso kusintha maradiyeta kuti akhale akuluakulu. Boila yatsopano ndi ya mapaundi zikwi ziwiri kapena zitatu, ndipo mmisiri amamaliza tsiku limodzi. Vuto lina, limene otsatsa malonda salitchula msanga, n'lakuti yuniti ya magetsi kuno ndi yodula pafupifupi kanayi kuposa ya gasi. Phindu lija la mayunitsi atatu limathera pamenepo. M'nyumba yakale ya njerwa, yolowa mphepo m'mawindo ndi kudenga, mukhoza kuika makina odulawa n'kupeza bilu ili pomwepo, mwinanso yakwera.

Apa ndi pamene pamalowera ndalama zokopera anthu. Ku England ndi Wales kuli Boiler Upgrade Scheme, yomwe idayamba mu 2022 ikupereka £5,000, ndipo mu Okutobala 2023 adaikweza kufika £7,500. Ndalamayi simuigwira m'manja. Mmisiri wokhala ndi chiphaso cha MCS ndiye amapempha ku Ofgem, bungwe loyang'anira za magetsi ndi gasi monga MERA kwathu, kenako amachotsera pa mtengo umene akukulipiritsani. Ku Scotland, Home Energy Scotland imapereka £7,500 yomweyo, n'kuwonjezera ngongole yopanda chiwongoladzanja kwa woifuna. Msonkho wa VAT pa zipangizo zoterezi adauchotsanso mu 2022.

Njira imene ine imandichititsa chidwi kwambiri ndi yodzera m'makampani ogulitsa magetsi ndi gasi eni ake. Kuyambira 2013 lamulo lotchedwa Energy Company Obligation, mwachidule ECO, lakhala likukakamiza makampani akuluakulu monga British Gas, E.ON, EDF ndi Octopus kulipira ntchito yokonza nyumba za anthu opeza zochepa: kuyala zotchinga kuzizira kudenga, kuthira zina m'kati mwa makoma, kusintha zotenthetsera zakutha. Tangoganizani, wogulitsa kulipira kuti kasitomala wake azigula zochepa! Si zachilendo kwenikweni. Kwathu ESCOM idalimbikitsapo mababu a LED nthawi ya kuzimazima kwa magetsi, pozindikira kuti kupulumutsa yuniti n'kotsika mtengo kuposa kumanga malo ena opangira magetsi. Koma makampani a kuno sachita izi mwa chifundo, ndipo ndalamazo sizichoka m'thumba mwawo. Akhala akuzibweza poziphatikiza pa bilu ya kasitomala aliyense.

Pamenepa ndi pamene mtima wanga umawawa. Amalawi ambiri amene tidabwera zaka zaposachedwa, makamaka osamalira okalamba ndi odwala, timakhala m'nyumba za lendi, ndipo nthawi zambiri ndi nyumba zakale zija zozizira, chifukwa ndizo thumba lathu lingakwanitse. Bilu timalipira ndife, ndipo m'bilumo mwakhala muli gawo lathu la ECO. Koma £7,500 ija ndi ya mwini nyumba. Wa lendi sangapemphe, sangabowole n'khoma lomwe popanda chilolezo. Landilodi nayenso alibe chomufulumizitsa: awononge ndalama zake kuti bilu ya munthu wina itsike? Thandizo la ECO nalo lakhala likuyang'ana kwambiri anthu olandira ndalama zothandizira ovutika kuboma, pomwe ambiri a ife viza yathu imaletsa kulandira ndalama zoterozo. Khomo lina lidalipo, lodzera ku khonsolo, la mabanja opeza ndalama zochepera £31,000 pachaka, koma nalonso limafuna landilodi avomere. Mayi amene amagwira ntchito usiku wonse kusamalira agogo a eni dziko amasonkha nawo, kenako amabwerera ku chipinda chimene makoma ake akuchucha chinyontho.

Chinyontho chimenechi si nkhani yamasewera. Mu Disembala 2020 mwana wa zaka 2, Awaab Ishak, adamwalira ku Rochdale chifukwa cha nkhungu ya m'nyumba imene makolo ake, obwera kuchokera ku Sudan, adaidandaulira kangapo osathandizidwa. Lamulo lotchedwa dzina lake, lokakamiza mabungwe obwereketsa nyumba za anthu ovutika kukonza chinyontho ndi nkhungu msanga, lidayamba kugwira ntchito ku England mu Okutobala 2025.

Ngakhale kumene ndalama za ECO zidafika, si konse kudayenda bwino. Mu Okutobala 2025 ofesi yolondoloza ndalama za boma, National Audit Office, idapeza kuti nyumba 98 mwa 100 zilizonse zimene zidamatidwa zotchinga kuzizira kunja kwa makoma, pa ndondomeko zaposachedwa, zili ndi zolakwika zazikulu zofunika kukonzanso, apo ayi zidzagwidwa ndi chinyontho ndi nkhungu. Ndalama zikakhala zambiri koma woyendera ntchito palibe, amisiri aulesi amachuluka, kuno ngati kwathu komwe. Mwezi wotsatira, nduna ya zachuma Rachel Reeves idalengeza mu bajeti kuti ECO ithetsedwa kuti mabilu atsikeko. Ine sindikuona kuti ganizo lokonza nyumba za osauka ndilo lidali lolakwika. Cholakwika chidali kusonkhetsa wolemera ndi wosauka kudzera pa bilu, n'kusiya ntchitoyo yopanda woiyang'anira mokwanira.

Pa nyumba zatsopano nkhani ndi yopepukirapo, chifukwa kumanga bwino pachiyambi n'kotsika mtengo kuposa kudzagumula pambuyo. Scotland idayamba mu Epulo 2024 kuletsa maboila a gasi m'nyumba zopemphedwa chilolezo chomanga kuyambira nthawiyo. Kampani ya Octopus imagwirizana ndi omanga nyumba ena pa ndondomeko yotchedwa Zero Bills: nyumba ikamangidwa yotchingidwa bwino, yokhala ndi masola padenga, batire ndi heat pump, wokhalamo salipira bilu ya magetsi kwa zaka zosachepera 5, bola asapitirire mulingo umene adagwirizana. Kampaniyo imapindula poyendetsa batireyo, kusunga magetsi akatsika mtengo n'kuwagulitsa akakwera. Palinso mitengo yapadera ya eni heat pump, yotsika pa maola ena a tsiku, kuti anthu azitenthetsa nyumba nthawi imene ofuna magetsi ndi ochepa. Zonsezi n'zanzeru, ndipo ndimazisirira, koma zimafikira amene ali kale ndi ndalama yogulira nyumba.

Kwa inu amene mwana kapena mlongo wanu akukonzekera ulendo wa kuno, pali pepala limodzi loti alidziwe asanasaine za lendi. Nyumba yobwereketsa imayenera kukhala ndi EPC, chiphaso chosonyeza mmene imasungira kutentha, kuyambira A, yabwino koposa, mpaka G. Ku England ndi Wales, kuyambira 2020, landilodi saloledwa kubwereketsa nyumba yotsika kuposa E pokhapokha ali ndi chilolezo chapadera. Chiphasochi chimapezeka ulele pa intaneti, pa tsamba la boma, pongolemba postcode ya nyumbayo. Nyumba ya E yotsikirako lendi ikhoza kumudyera zambiri m'miyezi yozizira kuposa ya C imene adaikana poiona yodula. Akapita kukaiona, asuzumire kuseri kwa kabati ndi m'makona a mawindo ngati muli madontho akuda, afunsenso ngati mita yake ndi yolipiriratu ngati ya mayunitsi kwathu, ndiponso kuti boila adaiyendera liti, chifukwa lamulo limafuna kuti landilodi aziitanitsa mmisiri wovomerezeka chaka chilichonse n'kupereka kalata yake kwa wa lendi.