Matanthwe a Korali Akati Zii

Chaka ndi chaka, mwezi wa July, kuyambira 1985, anthu a ku zilumba za Florida Keys ku America amasonkhana m'mabwato pamwamba pa matanthwe a Looe Key, natsitsira zokuzira mawu m'madzi, kuti nyimbo zimene wailesi ya kumeneko ikuulutsa zimveke kwa osambira ali pansi pa nyanja. Ndipo nyimbo ikatha, inzake isanayambe, amamva uthenga wowadandaulira kuti asagwire korali, asamponde, kapena kumponyera nangula. Wina angati awa ndi masewera a anthu okhuta, koma ine ndiwalemekeza, pakuti munthu sachitira chifundo chinthu chimene sadachione kapena kuchimva.

Korali, angakhale aoneka ngati mwala, ndi tizilombo ting'onoting'ono tomanga nyumba zolimba pamwamba pa nyumba za makolo awo, ndipo m'matupi mwawo mukhala ndere zimene zimapatsa tizilomboto chakudya ndi maonekedwe okongola. Madzi akatentha kuposa muyeso kwa masabata angapo, tizilomboto timalavula nderezo, thanthwe lonse niliyera mbee, ndipo kutenthako kukapitirira, timafa ndi njala. Matanthwewa sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a pansi pa nyanja, komabe pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mitundu ya zamoyo za m'nyanja lidalira iwo.

Tsoka lotere lidagwera Great Barrier Reef ya ku Australia, yotalika makilomita 2,300, m'chaka cha 2016, pamene pafupifupi magawo 30 mwa 100 a korali wa m'madzi osaya adafa. Ndipo akadapanda ojambula kanema wa Chasing Coral, amene adatuluka pa Netflix mu 2017 atajambula tsiku ndi tsiku matanthwe alikufa, ambiri sakadadziwa kuti pansi pa madzi pagwa maliro.

Chimene chindikhudza mtima koposa ndi cha akatswiri a sayansi Tim Gordon ndi Steve Simpson. Thanthwe lamoyo silikhala chete: tizilombo tonga nkhanu tam'menemo timathetheka ngati nkhuni zouma pamoto, nsomba nazo zimadzuma ndi kuguguda, ndipo tiana tansomba, titakulira kutali pakati pa nyanja, timalondola phokosolo pofuna pokhala. Thanthwe likafa limangoti zii, tianato nitilambalala. Akatswiriwa tsono adatenga mawu a thanthwe lamoyo nawaliza usiku ndi usiku pa milu ya korali wakufa pafupi ndi chilumba cha Lizard ku Great Barrier Reef, ndipo mu 2019 adalengeza kuti nsomba zimene zidadza nizikhazikika pa milu yolira zidachuluka kawiri kuposa za pa milu yachete. Kubwera kwakeko n'kofunika, popeza nsomba zimadya zomera zophimba mwala, nizilambulira malo korali watsopano.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, adatero akuluakulu. Ndipotu mu 1998 kutentha komweku kudaononga korali wa m'gombe la Kenya, Tanzania ndi Mozambique, kumene asodzi osauka amapezako ndiwo. Nyimbo, kanema ndi zokuzira mawu zingadzutse anthu ndi kuitana nsomba, koma sizingaziziritse nyanja pamene utsi wa malasha ndi mafuta ukadakwerabe kumwamba. Mu 2024 Great Barrier Reef idayeranso, kachisanu chiyambire 2016.