Osauzira "fuu! fuu!" m'maikolofoni yamakedzana

Inu amalonda a zamagetsi zakale, ndikutsineni khutu. Mukatola maikolofoni yolemera yolembedwa RCA 44, musaiyese chitsulo chachabe. Mtundu umenewu unatuluka ku America mu 1932, ndipo lero yabwinobwino anthu ojambula nyimbo amaigula madola masauzande.

Mkati mwake muli kariboni ka aluminiyamu, kopyapyala kuposa tsitsi, kolendewera pakati pa maginito. Nkomwe kamachititsa mawu kumveka onona, osalasa m'khutu.

Tsono chizolowezi chathu chija chouzira mpweya poyesa ndiye imfa yake, chifukwa kariboniko kamatamuka kapena kuduka. Langizo langa nlakuti muzingolankhula chapatali. Isungeni choimirira komanso m'thumba, poti maginito amakoka tizitsulo ta m'fumbi. Mukaigwetsa, abale, mwagwetsa mpamba.