Mwana akamapita kukagwira ntchito kumapiri a chipale

Sabata yatha ndidalandira kalata yochokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Mwana wawo wamwamuna, yemwe adakwatira chaka chatha, wapeza ntchito ya miyezi isanu mu hotela ina ku Val Thorens, m'mapiri a Alps m'dziko la France. Kumeneku n'komwe anthu achuma amapita kukachita masewero otsetsereka pachipale chofewa, aja amati ski. Mkazi wake atsala kuno ndi khanda kumsana. Mayiwa akufunsa ngati amulole kupita, komanso mawu oti amulangize.

Mayi anzanga, musamutsekereze, ntchito masiku ano ndi yosowa. Koma mumuuze ichi, achisunge pamtima: alendo amapita kumapiriko kukamwaza ndalama, iye akupita kukazifuna. Akangoiwala zimenezi adzabwerako chimanjamanja, mwinanso ali pandodo.

Tiyambe ndi mapepala, paja safunsa adadya phula. Viza ya alendo ya masiku 90 ija siyilola munthu kugwira ntchito. Olemba ntchitowo ndiwo ayenera kumutengera chilolezo kuboma la kumeneko, kenako iye apemphe viza yogwirizana nacho. Ngakhale anthu a ku Britain, kuyambira mu 2021, sangangopita kukayamba ntchito ku France opanda chilolezochi. Ndiye wina akamati "ingolipirani, zina tikakonza mukafika", thawani, ameneyo ndi tambwali.

Asanagule tikiti, akhale ndi kontirakiti m'manja. Ione tsiku loyamba ndi lomaliza, malipiro, ndi maola. Lamulo la ku France limati sabata yantchito ndi maola 35, ndipo owonjezera amawerengedwa padera. Afunsenso za pogona: kodi nyumba ndi ya kampani? Agona angati m'chipinda? Azidula zingati pamalipiro? M'matauni amenewa lendi ndi yokwera zedi, munthu wopanda nyumba ya kuntchito amangogwirira lendi. Pasipoti asunge yekha, asapereke kwa bwana.

Tsopano za thupi, zomwe ndi gawo langa. Val Thorens ili pamtunda wa mamita 2,300, ndipo nsonga zomwe anthu amakatsetserekako zimafika mamita 3,200, kuposa Sapitwa wathu wa ku Mulanje yemwe ndi mamita 3,002. Pamwamba chotere mpweya umachepa mphamvu. Masiku oyamba mutu umawawa, tulo timavuta, ukakwera masitepe umachita wefuwefu. Azimwa madzi ambiri, asathamangire ntchito zolemetsa, mowa ausiye. Akaona kuti akubanika ngakhale atangokhala, apite kwa dokotala tsiku lomwelo. Ngati ali ndi mphumu, BP, shuga, siko selo kapena amamwa ma ARV, akaonane ndi achipatala asananyamuke, atenge mankhwala okwanira ndi kalata ya dokotala.

Kuzizira kwake si kwa Juni wa ku Dedza ayi. Mu Januwale usiku kumatha kufika madigiri -15 kapena kutsika kuposa apo. Juzi imodzi yokhuthala siyithandiza. Azivala mophatikiza: chamkati chothina chosasunga thukuta, pakati juzi ya ubweya, pamwamba jekete losalowa mphepo ndi madzi. Malaya a thonje akanyowa ndi thukuta amaziziritsa thupi. Chipewa, magolovesi ndi nsapato zotchinga madzi si zodzikongoletsera.

Zala, makutu ndi mphuno ndizo zimayamba kuuma. Pakhungu lakuda ngati lathuli sipafiira ngati pa mzungu. Pamachita dzanzi, pamatuwa, kenako pamalimba ngati kandulo. Asapatikite, asapawotche pamoto. Aviike m'madzi ofunda pang'ono, a madigiri 37 mpaka 39, n'kuthamangira kuchipatala. Akaona mnzake akunjenjemera, akulankhula ngati woledzera, akufuna kugona panja, adziwe kuti kutentha kwa thupi kwatsika pansi pa madigiri 35. Amulowetse m'nyumba, amuvule zonyowa, amufunditse, aimbe foni pa 112. Ndipo bodza lija loti kachasu amatenthetsa thupi alitaye. Mowa umangokunamiza kuti wafunda pomwe kutentha kukuthawa.

Chipale chimabweza kuwala kwa dzuwa mpaka 80 peresenti, moti maso amatha kupsa n'kumamveka ngati muli mchenga. Magalasi akuda akhale nawo. Chinanso, asayerekeze kuyatsa makala kapena chitofu cha gasi m'chipinda chotseka kuti awothe. Ndili pantchito ndidalandirapo banja lonse litakomoka kaamba kogona ndi mbaula m'nyumba nyengo yachisanu, ndipo mwana mmodzi sadadzuke. Mpweya woipawo sununkha, suoneka.

Nanga masewerowo? Anzake adzamukopa ndithu, poti malo ambiri amapatsa antchito chiphaso chokwerera mapiri pamtengo wotsika. Sindikuletsa, koma ayambe waphunzitsidwa, avale chipewa cholimba, ndipo akhale ndi inshulansi. Ku France munthu ukavulala pamalo otsetserekapo, okunyamulawo amalipiritsa, ndipo ndi mayuro mazanamazana. Bondo likaguluka mu Disembala, ntchito yonyamula mbale yathera pomwepo.

Za ndalama, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Malipiro mukawasintha kukhala makwacha amaoneka ngati chuma cha mfumu, koma buledi ndi sopo wa kumapiriko ndi wodulanso. Achinyamata ogwira ntchito kumeneko amakonda kumwa usiku uliwonse akaweruka. Ambiri a iwo alibe owadalira, pomwe wanuyo ali ndi mkazi ndi mwana. Asananyamuke, akhale pansi ndi mkazi wake agwirizane ndalama zotumiza pamwezi, zosunga, ndi chomwe akufuna kudzachita nazo, kaya ndi puloti kaya ndi malata. Alembe papepala.

Inu a pabanja, miyezi isanu ndi yaitali. Kumapiriko mu Disembala dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane, munthu umasungulumwa, ndipo mayesero amabwera. Mwayi wake, nyengo yachisanu France imangotsalira ndi ola limodzi pa nthawi ya kuno, ndiye palibe chifukwa chosaimbirana foni. Pangananani nthawi yocheza ndipo muziisunga. Kukhulupirika ndiye mankhwala oyamba. Akabwerako, kayezetseni magazi limodzi, musachite manyazi.

Pomaliza ndibwerere kwa inu mayi mudalemba kalata. Ndalama zikayamba kubwera, zizifikira kwa mkazi wake. Musalowerere. Ntchito yanu ndi kumuthandiza mpongozi wanuyo kulera khanda ndi kumulimbitsa mtima, osati kumulondalonda ngati wapolisi. Mabanja ambiri amasokonekera pakhomo pomwe, mwamuna asanatsike n'komwe ndege.

Nyengo ya ski ku Val Thorens imayamba kumapeto kwa Novembala n'kutha kumayambiriro kwa Meyi. Ikatha, chipale chimasungunuka, mahotela ambiri amatseka, viza nayo imatha. Asabisale kumeneko. Abwere tsiku lake lisanadutse, zala zonse khumi zili bwinobwino, kandalama kali kubanki, kuti akamuitananso chaka chamawa khomo lidzakhale lotsekula.