Rustenburg: kuseri kwa migodi kuli mathithi

Rustenburg ndi tauni ya ku Joni, m'chigawo cha North West. Ukamabwera pa msewu wa N4 kuchokera ku Pretoria, chimayamba kukulonjera ndi milu ya dothi lotayidwa kumigodi ndi nsanja za zikepe zotsitsira anthu pansi. Kuno ndi kwawo kwa pulatinamu. Impala Platinum ikukumba, Sibanye-Stillwater ikukumbanso m'migodi yomwe inagula kwa Anglo American Platinum mu 2016. Chakum'mawa kuli Marikana, komwe apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi wa Lonmin pa 16 Ogasiti 2012. Ambiri amaidziwira pomwepo tauniyi, mwina ndi bwalo la mpira la Royal Bafokeng ku Phokeng, lomwe linachititsa nawo World Cup ya 2010.

Koma tauniyi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1851, inatsamira phiri. Magaliesberg, lomwe dzina lake linachokera kwa mfumu Mogale, ndi mtandadza wa matanthwe a zaka zoposa mabiliyoni 2, ndipo madzi akhala akuwang'amba mpaka kusiya makwawa akuya. UNESCO inaika derali pa mndandanda wa malo osamaliridwa mwapadera mu 2015.

Pamwamba pa tauni penipenipo pali nkhalango ya Kgaswane. Mtsinje wa Waterkloofspruit umachokera m'dambo la pamwambapo, kenaka n'kudzigwetsa pa mathithi a Tierkloof. Muli mphalapala, muli anyani, ndipo amene alibe mphamvu yogona kuthengo angathe kuyenda kanjira ka Peglerae n'kubwerako tsiku lomwelo.

Makwawa enieni ali cha ku Buffelspoort, kufupi ndi Marikana yemweyo. M'khwawa la Tonquani umatsikira pakati pa zipupa ziwiri za mwala, dzuwa n'kumangosuzumira. Pena njira imathera padziwe, ndiye uvule nsapato, chikwama pamutu, ulowe m'madzi ozizira mpaka mano kugwedezeka, koma oyera moti timiyala tapansi umatiwerenga. Amene anasambapo pa Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula akudziwa kuzizira ndikunenaku. Sungangolowa ngati kumunda kwa amalume: malowa ndi a Mountain Club of South Africa ndipo pamafunika chilolezo.

Chimandiwawa n'chakuti a kwathu ambiri okhala m'mikuku ya kuno amatha zaka phirili akungoliona pa zenera la minibasi. Ndalama yolowera pageti ndi nkhani, inde, koma ena saganizako n'komwe, amati zokwera mapiri ndi za azungu.

Mukafuna kupita, pitani pagulu ndipo nyamukani m'mamawa. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya mabingu imakonda kugwa masana, ndipo khwawa limadzaza madzi mosachenjeza. Mitambo ikangoyamba kuda kumtunda, tulukanimo.