"Mbuzi ija yathawa": mwana amadziwa liti zimene mnzake sakudziwa?

Mwana wa zaka 3 akhoza kuuza mlendo kuti, "Mbuzi ija yathawa," pamene mlendoyo sanaionepo mbuziyo. Pa Chinyanja timati "ija" tikamanena chinthu chimene tonse awiri tikuchidziwa kale. Mwanayo sanaphonye chilankhulo ayi. Kungoti sanafike pozindikira kuti zimene zili m'mutu mwake sizili m'mutu mwa wina.

Mu 1983, Heinz Wimmer ndi Josef Perner anayesa zimenezi ndi kankhani ka zidole. Mnyamata wina, Maxi, akusunga chokoleti m'kabati n'kutuluka panja. Amayi ake akuchisamutsira kwina iye kulibe. Kodi akabwerera akachifunafuna kuti? Ana ambiri osakwana zaka 4 amaloza pamene chokoleticho chili tsopano. Pofika zaka 5 kapena 6, ambiri amaloza m'kabati muja, poti azindikira kuti munthu amatsata zimene akukhulupirira ngakhale zili zolakwika. Mu 1991, Jeremy Avis ndi Paul Harris anapeza kusintha kofananako pakati pa ana a mtundu wa Baka ku Cameroon, ndiye si za ana a ku Ulaya okha.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi msampha. Mwana wa ku Moatize amene kunyumba amalankhula Chinyungwe, kapena wa ku Zóbuè amene amalankhula Chinyanja ngati anzake a kutsidya ku Mwanza, akafunsidwa funso la Maxi m'Chipwitikizi n'kulephera, sitingadziwe chamulepheretsa. Mwina sanamvetse maganizo a Maxi, mwinanso sanamve funsolo. Ine ndikuona kuti mayeso otere amangoyeza Chipwitikizi cha mwanayo. Mwayi wake, Tete si wachilendo pa kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri: pulojekiti ya PEBIMO inayesa Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi m'chigawo chino kuyambira 1993 mpaka 1997.

Ágnes Kovács anapeza mu 2009 kuti ana a zaka 3 olankhula Chiromaniya ndi Chihangare ankakhoza mayesowa kuposa anzawo a chilankhulo chimodzi. Tisafulumire kusangalala, pakuti ana amenewo ankamva zilankhulo zonse ziwiri kuyambira ali makanda, pomwe athu ambiri amakumana ndi Chipwitikizi kusukulu.

Aphunzitsi sakusowa zidole. Pokamba nthano ya Kalulu ndi Fisi, imani pamene Kalulu wanama, mufunse m'chilankhulo cha mwanayo kuti, "Fisi akuganiza kuti chachitika n'chiyani?" Ndiyeno mvetserani ngati mwanayo akuyankha zimene Fisi akuganiza kapena zimene iye mwini akudziwa.