Moyo wa M'ngalawa ya Matanga

Mukapita ku Fremantle masana m'nyengo yotentha, mudzaona ngalawa zambiri zokhala ndi nsalu zazikulu zoyera zikuyenda panyanja. Nsalu zimenezi zimatchedwa matanga, ndipo mtengo wautali umene amamangirirapo matangawo umatchedwa mlongoti. Zambiri mwa ngalawazi zimangofika pachilumba cha Rottnest, chimene anthu a mtundu wa Noongar amachitcha Wadjemup, kenaka n'kubwerera. Koma alipo mabanja ena amene ngalawa ndiyo nyumba yawo. Iwo amatha miyezi kapena zaka akuyendera zilumba za m'madera otentha a kumpoto. Kodi anthu amenewa amakhala bwanji tsiku ndi tsiku?

Mphepo ndiyo imalamula

Ngalawa ya matanga imayenda ndi mphamvu ya mphepo. Zambiri zimakhala ndi injini yaing'ono, koma mafuta ake amawasungira nthawi yolowa padoko kapena ya mavuto. Motero ntchito yoyamba ya amalinyero m'mawa uliwonse ndiyo kufufuza kumene mphepo ikuchokera ndi kumvetsera zanyengo pa wailesi.

Mphepo ikachokera kumbuyo kapena m'mbali, ulendo umakoma. Ikachokera kutsogolo, ngalawa singalunjike kumene ikupita, koma imayenda mokhotakhota ndipo ulendo umatalika. Mphepo ikakula, amalinyero amapinda mbali ina ya thanga kuti ngalawa isapendekeke kwambiri. Ikaleka zii, amadikira, pakuti akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mphepo imasankhanso miyezi ya ulendo. Kumpoto kwa Western Australia kuli zilumba 42 za Dampier, pafupi ndi tawuni ya Karratha. Amalinyero amakonda kupitako m'nyengo yozizira, chifukwa kuyambira Novembala mpaka Epulo kumagwa anamondwe. Namondwe wa Freddy, amene anawononga midzi yambiri kummwera kwa Malawi mu Malichi 2023, anayambira panyanja ya kumpoto chakumadzulo kwa Australia mu Febuluwale chaka chomwecho. Ngalawa yaing'ono singalimbane ndi mphepo yotero.

Madzi ochita kuyeza

Pamtunda wa makilomita pafupifupi 2,750 kuchokera ku Perth pali zilumba 27 za Cocos. Ngalawa zambiri zowoloka nyanja ya Indian zimapumula pamenepo, pachilumba cha Direction. Kuchokera apo kukafika pachilumba cha Rodrigues, kufupi ndi Mauritius, pali makilomita pafupifupi 3,700 opanda doko, sitolo kapena chitsime. Ngalawa yoyenda makilomita 10 pa ola, usana ndi usiku, imatha masabata awiri ndi masiku pang'ono paulendo umenewu.

Madzi amakhala ponseponse, koma osamweka, chifukwa lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi mchere wokwana magalamu 35. Madzi akumwa amawanyamula m'thanki. Tiyeni tiwerengere. Ngati thanki ili ndi malita 400, ndipo anthu anayi akufuna kuti madziwo awakwanire masiku 20, aliyense ali ndi malita 5 okha patsiku. Madzi omwewo amwe, aphikire ndi kusukusula. N'chifukwa chake mbale amatsukira madzi amchere, n'kutsukuluza ndi madzi abwino pang'ono. Mvula ikagwa, onse amathamanga kukatchera madzi ndi nsalu ndi zidebe. Ngalawa zina zili ndi makina ochotsa mchere m'madzi, koma makinawo amadya magetsi ambiri, pamene magetsi a m'ngalawa ndi ochepa. Amachokera ku sola n'kusungidwa m'mabatire.

Chakudya nachonso chili ndi dongosolo lake. Masamba ndi zipatso zosachedwa kuwola amayamba kudya zimenezo. Anyezi, mbatata, maungu ndi kabichi zimakhalitsa. Zikatha, amadalira mpunga, ufa, nyemba ndi zakudya za m'zitini. Kumbuyo kwa ngalawa amakoka chingwe cha mbedza, ndipo tsiku lamwayi ndiwo zimakhala nsomba yaiwisi. Chitofu cha m'ngalawa chimapangidwa moti chizilendewera, kuti mphika usagubuduzike mafunde akamagwedeza ngalawa. Zinyalala zapulasitiki saziponya m'nyanja. Amazisunga mpaka akafike kumtunda.

Kulondera usiku

Pakati pa nyanja palibe poima kuti onse agone. Ngalawa imayendabe usiku wonse, choncho akuluakulu amalondera mosinthana, wina maola atatu, wina maola atatu. Mlonda amayang'ana matanga, mitambo ndi nyali za sitima zina. Ngalawa iliyonse imayatsa nyali yofiira kumanzere ndi yobiriwira kumanja, kuti ena adziwe kumene yalunjika. Mlonda amavala jekete yoyandamitsa ndipo amadzimangirira kungalawa ndi lamba, chifukwa munthu akagwera m'madzi mumdima n'kovuta kumupeza.

Alipo amene anayenda okha popanda wosinthana naye. Jon Sanders wa ku Perth ananyamuka ku Fremantle mu Meyi 1986 ndipo anabwerera mu Malichi 1988, atazungulira dziko lapansi katatu osaima padoko lililonse. Ngalawa yake, Parry Endeavour, mungathe kuiona ku WA Maritime Museum ku Fremantle.

Ana a m'ngalawa nawonso sakhala manja lende. M'mawa amaphunzira ndi makolo awo pogwiritsa ntchito mabuku kapena kompyuta. Akatha, amakulunga zingwe, amatsuka mbale ndi kulemba m'buku la ulendo mtunda umene ngalawa yayenda.

Kufika pachilumba

Zilumba zambiri za m'madera otentha n'zozingidwa ndi matanthwe a korali. Matanthwe amenewa amamangidwa pang'onopang'ono ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, ndipo ndi akuthwa moti angaboole ngalawa. Amalinyero amayesetsa kufika dzuwa lili pamutu, pamene pansi pa madzi pamaoneka bwino. Mmodzi amaima kutsogolo n'kumayang'ana mtundu wa madzi. Madzi a buluu wakuda ndi akuya, obiriwira mowala ndi osaya a pamchenga, ndipo odera ndi a pamatanthwe.

Akapeza malo a mchenga amaponya nangula, chitsulo cholemera chimene chimagwira pansi kuti ngalawa isatengedwe. Sauponya pa korali, chifukwa zimene nangula angaphwanye m'kanthawi kochepa zimatenga zaka zambiri kuti zimerenso. Kumtunda amapita pa kabwato kakang'ono. Kumeneko amalonjera eni chilumba, amagula chakudya, amatunga madzi ndi kuchapa zovala. Amasokanso matanga ong'ambika, pakuti pachilumba chakutali mmisiri ndi mwini ngalawa yemweyo.

Matanga a kwathu

Luso limeneli si lachilendo kwa anthu a kwathu. M'zaka za m'ma 1800, amalonda a Chiswahili, monga a Jumbe a ku Nkhotakota, ankawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo panyanja ya Malawi m'zombo za matanga. Malonda oipa a akapolo anatha, koma matanga anatsala. Mpaka lero zombo zimanyamula anthu ndi katundu pakati pa chilumba cha Likoma ndi gombe la Mozambique.

Asodzi a kunyanja amaidziwa bwino mphepo ya mwera, imene imawomba kuchokera kummwera chakummawa m'miyezi yozizira n'kuutsa mafunde aakulu. M'miyezi yomweyo, mphepo yochokera mbali yomweyo ndiyo imakankha ngalawa kuchoka ku Cocos kulowera ku Africa. Msodzi wa ku Likoma ndi mmalinyero wa ku Fremantle onse amayamba ayang'ana kumwamba asanamasule chingwe.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani amalinyero sakonda kupita ku zilumba za Dampier mu Januwale?
2. Thanki ili ndi malita 300 ndipo anthu ndi atatu. Kodi aliyense angagwiritse ntchito malita angati patsiku paulendo wa masiku 20?
3. Fotokozani chifukwa chimene nangula amauponyera pamchenga.
4. Funsani makolo anu mayina a mphepo zina za kwanu ndi miyezi imene zimawomba.