Za Kugulira Mwana Lamya ya M'manja Ndalama Zili Zochepa

Nyengo ya kukolola ikafika kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, fodya atapita ku okushoni ku Kanengo, soya ndi mtedza zitagulidwa pa Mponela, pa Madisi kapena pa Malomo, m'nyumba zambiri mumabuka mlandu umodzi womwewo. Mnyamata kapena mtsikana wa zaka 15 amadza kwa atate ake, nakhala pansi mwaulemu, nati: "Bambo, anzanga onse ali ndi foni." Atate amayang'ana ndalama zili m'manja mwawo, nakumbukira feteleza wa chaka chamawa, fizi ya teremu ikudzayo ndi denga lodontha lija, ndipo amasowa poyambira. Akakana, mwana adzanyinyirika, kapena adzaipeza m'njira zina zosayenera. Akavomera mothamanga, nkhokwe idzatha mvula isanagwe. Tsono inu atate ndi amayi, tiyeni tikambirane mlandu umenewu mofatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kumene chinthuchi chidachokera

Akuluakulu akumbukira kuti kale uthenga wa maliro unkayenda ndi miyendo kapena pa njinga, ndipo kalata ya ku Joni inkakhala m'njira masabata angapo. Lamya za m'manja zidafika m'Malawi pakati pa zaka za m'ma 1990 ndi kampani ya TNM. M'chaka cha 1999 idabwera Celtel, imene idasanduka Zain mu 2008, ndipo kenaka Airtel mu 2010. Poyamba zidali za mabwana a m'tauni okha. Koma Airtel Money itayamba mu 2012, ndi Mpamba mu 2013, foni idasanduka chikwama cha ndalama, ndipo lero mayi wa ku Mvera alandira thandizo la mwana wake wa ku Johannesburg asadachoke pamudzi. Chifukwa chake sitinganene kuti foni ndi chinthu choipa. Ili ngati mpeni, umene usenda mbatata, komanso ucheka chala cha wosadziwa kuugwira.

Funso loyamba: kodi mwanayo aifuniranji?

Musadafunse za mtengo, yambani mwafunsa za ntchito. Mwana amene ayenda mtunda wautali kupita ku sukulu yoyendera, kapena amene achita lendi pafupi ndi sukulu kutali ndi kwawo, afunikadi njira yolankhulira ndi makolo ndi yolandirira ndalama ya ufa ndi sopo. Mwana amene ali mu Fomu 3 kapena Fomu 4, amene aphunzitsi ake atumiza manotsi ndi mapepala akale a mayeso a MANEB pa WhatsApp, ali ndi chifukwa china chomveka. Makolo adaona okha mu 2020, pamene sukulu zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, kuti ana a m'nyumba zokhala ndi wailesi kapena foni adapitiriza kumvako maphunziro, pamene anzawo adangokhala.

Koma mwana amene agona m'nyumba mwanu, naphunzira pa sukulu yoonekera pakhomo, nangofuna foni chifukwa mnzake ali nayo, angathe kudikira. Dziwaninso kuti sukulu zambiri zogonera komweko siziloleza foni, ndipo ikapezeka ilandidwa. M'chipinda cha mayeso a boma foni ndi yoletsedwa kotheratu, ndipo mwana wogwidwa nayo angataye khama lake la zaka zinayi. Funsani mphunzitsi wamkulu musadataye ndalama zanu.

Mitundu iwiri ya foni

Mtundu woyamba ndi foni ya mabatani, monga zija za itel, Tecno ndi Nokia zimene zidzaza m'masitolo a pa Mponela. Ubwino wake ndi wochuluka kuposa m'mene achinyamata aganizira. Mtengo wake ndi wotsika. Batire yake isunga moto masiku angapo. Ikagwa pa mwala kawirikawiri siphwanyika, ndipo wakuba sailakalaka kwambiri. Iimba, itumiza uthenga, ilandira ndalama za Mpamba ndi Airtel Money, ili ndi tochi younikira usiku, ndiponso wailesi yomvera nkhani. Kwa mwana wa ku pulayimale kapena wa Fomu 1, imeneyi ikwana.

Mtundu wachiwiri ndi foni ya tachi, yotsetsereka ndi chala, imene ilowa pa intaneti. Imeneyi isunga mabuku, dikishonale ndi manotsi, ndipo mwana wakhama angaphunzire nayo zambiri. Koma ngakhale yotsika mtengo kwambiri iposa ya mabatani kangapo, galasi lake lisweka msanga, ndipo ifuna moto pafupifupi tsiku ndi tsiku. Ilinso ndi khomo lotseguka ku zinthu zonse za dziko lapansi, zabwino ndi zoipa zomwe.

Sitilemba mitengo m'nkhani ino, pakuti foni zonse zichokera kunja, ndipo mtengo wake utsata mphamvu ya kwacha. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonse ziwirizo katundu wa m'masitolo adakwera. Njira yabwino ndi kuwerengera mtengo wa foni m'matumba a chimanga. Ngati foni idya chakudya chimene banja likadadya mu Januwale ndi Febuluwale, foni imeneyo si ya nyumba yanu chaka chino.

Zoyenera kuyang'ana pogula

1. Netiweki. Dziko lathu lino si lofanana konse. Kumadzulo, cha ku Mponela ndi Madisi, kuli chigwa chotambalala, ndipo mawu a lamya ayenda bwino. Kum'mawa, cha ku Mvera ndi kutsetserekera ku Salima, ndiponso kuseri kwa phiri la Ntchisi, mapiri atchinga, kotero kuti kampani ina igwira pa mtunda pokha, ina igwira ndi m'dambo momwe. Funsani anansi kuti nambala zoyamba ndi 088 kapena 099 ndi ziti zimene zimveka bwino pamudzi panu. Foni yolowa masimu khadi awiri ithandiza pamenepa. Ngati ndi ya tachi, ikhale yogwira 4G, pakuti ya 3G yokha ichedwa potsegula manotsi.

2. Batire. Midzi yambiri kuno ilibe magetsi a ESCOM, ndipo kutchajitsa pa golosale kapena kwa ometa tsitsi kulipiritsidwa nthawi iliyonse. Pa bokosi palembedwa nambala yotsatana ndi zilembo mAh. Nambalayo ikakula, motonso ukhalitsa. Pa foni ya tachi funani ya 5000 mAh kapena yoyandikira pamenepo. Banja lokhala ndi kasola kakang'ono pa denga lapulumuka kale pa vuto limeneli.

3. Mphamvu ya m'kati. Pa foni ya tachi pali manambala awiri ofunika. Yoyamba ndi RAM, imene ionetsa changu cha foni: isachepere 2 GB, ndipo 3 kapena 4 GB ndi yabwino koposa. Yachiwiri ndi malo osungira zinthu: asachepere 32 GB, ndipo pakhale polowetsa memore khadi. Foni zambiri zotsika mtengo zili ndi Android Go, imene idapangidwira foni za mphamvu yochepa, ndipo kwa mwana wa sukulu imeneyo ikwana.

4. Zokonzera. Gulani mtundu umene amisiri a pa msika wa kwanu audziwa, umene galasi ndi batire yake zipezeka pafupi. Foni yachilendo ikafa mudzayenda ulendo wa ku Lilongwe, ndipo mtengo wa minibasi udzaposa wa chokonzacho.

5. Kamera ndi maonekedwe. Izi zikhale zotsiriza. Wogulitsa adzatamanda kamera ndi kuwala kwa chikuto, pakuti adziwa chimene chikopa maso a mwana. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Za foni yogwirapo kale ndi ya ngongole

Ambiri posowa ndalama agula foni kwa munthu wa m'njira. Nthawi zina apeza yabwino, koma ngozi zake ndi zitatu. Batire ingakhale yotha, foni ingakhale yachinyengo yongolembedwa dzina la kampani yotchuka, kapena ingakhale yobedwa. Kulandira katundu wobedwa ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo apolisi akailondola adzafika pakhomo panu, osati pa khomo la wakubayo. Chitani chotere: imbani *#06# pa foniyo, ndipo padzaoneka nambala ya manambala 15 yotchedwa IMEI. Iyenera kufanana ndi yolembedwa pa bokosi kapena pansi pa batire. Ikasiyana, bwezani. Lowetsanimo simu khadi yanu, imbirani munthu, yesani chaja, ndipo wogulitsa alembe dzina lake ndi nambala ya chiphaso chake pamaso pa mboni. M'sitolo pemphani lisiti ndi pepala la waranti, ndipo muzisunge pamodzi ndi mapepala a munda. Safunsa adadya phula.

Masiku ano kulinso foni za ngongole, zimene mupereka pang'ono poyamba, nimumalipira tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata, ndipo mukalephera foni idzitseka yokha. Kwa munthu wa malipiro a pamwezi njirayi ingathandize. Koma mlimi apeza ndalama kamodzi pa chaka, pamene ngongole sidziwa kuti kunja kuli njala. Musadasaine, tengani pensulo, muwonkhetse zonse zimene mudzalipira kufikira tsiku lotsiriza, ndipo muyerekeze ndi mtengo wa kashi. Kawirikawiri mudzaona kuti kusiyana kwake ndi kwakukulu.

Mtengo umene suoneka pa tsiku logula

Foni ili ngati mbuzi ya m'khola, ifuna kudya masiku onse. Pali mayunitsi, bandulo ya intaneti, kutchajitsa, chikuto ndi galasi loteteza. Pa chaka zimenezi zingathe kufika kapena kuposa mtengo wa foni yomweyo. Mwana wopatsidwa foni popanda pangano la mayunitsi adzayamba kutapa chimanga m'nkhokwe, ndipo mtsikana angayambe kulandira mayunitsi kwa amuna amene adzafuna malipiro a mtundu wina. Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu koposa. Kholo limene lagula foni lidziwenso kumene mayunitsi achokera. Pangani naye mwanayo muyeso wa pa sabata, ndipo ngati kutheka mumpatse mizere ingapo ya soya kapena nkhuku ziwiri, kuti adyetse foni yake ndi thukuta lake. Chinthu chokhetsera thukuta chisamalidwa.

Zimene malamulo anena

Kuyambira 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe, ndipo anthu alembetsa ndi chiphaso cha unzika, chimene munthu alandira akakwana zaka 16. Mwana wochepera pamenepo adzagwiritsa nambala yolembedwa m'dzina lanu, ndipo chimene chidzachitidwa ndi nambalayo chidzafunsidwa kwa inu. Lamulo la mu 2016 loona za pa intaneti liletsa kuopseza, kuzunza ndi kuvutitsa anthu pa foni, ndiponso zithunzi zolaula za ana. Mwana adziwe kuti chithunzi chikatumizidwa sichibwerera. Eni ake a Facebook ndi WhatsApp salola mwana wosakwana zaka 13, ndipo juga ya pa foni, monga kubetcha mpira ndi kandege kaja, ndi yoletsedwa kwa yense wosakwana zaka 18. Mwana akavutitsidwa, nachita manyazi kukuuzani, pali nambala ya 116, yaulere, yothandiza ana.

Muchenjezeninso za akathyali amene atumiza uthenga wonena kuti wapata mphotho, kapena kuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi." Nambala ya chinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money sauza munthu, ngakhale wodzitcha wa ku kampani.

Pangano la pakhomo

Kuwongola mtengo mpoyamba. Foni isadafike m'manja mwa mwana, atate ndi amayi akhale naye pansi, ndipo ngati kuli kotheka malume akhalepo ngati mboni. Mugwirizane kuti foni igona m'chipinda cha makolo. Kuti pa nthawi ya nsima, ya kumunda ndi ya kuwerenga ikhala pambali. Kuti makolo adziwa nambala yotsegulira, ndipo angathe kuiona mwana ali pomwepo, osati mobisa. Ndi kuti zotsatira za mayeso zikatsika, foni ipumula teremu imodzi. Inunso makolo sungani pangano limeneli, pakuti mwana satsata mawu a pakamwa, atsata mapazi.

Kumbukirani William Kamkwamba, amene adabadwira kuno ku Dowa mu 1987, nakulira ku Wimbe m'boma la Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, adawerenga mabuku a m'laibulale yaing'ono, napanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotayidwa, ndipo anansi ankadza kudzatchajitsa foni zawo pakhomo pake. Chimene chidamukweza ndi njala ya kudziwa, pakuti chuma adalibe. Mwana wokhala ndi njala imeneyo, foni yotsika mtengo idzamukwanira. Wopanda njala imeneyo, ngakhale foni ya mtengo wa ng'ombe sidzamuphunzitsa kanthu.

Tsono ngati chaka chino ndalama sizikwana, muuzeni mwana zoona, mumuonetse matumba ali m'nyumba, ndipo mumubwereke foni ya banja madzulo kuti aone manotsi. Ngati zikwana ya mabatani yokha, gulani imeneyo popanda manyazi. Ya tachi idzadza pa nthawi yake, mwana atakula ndi nkhokwe itadzaza.